Madzi a Adadi

Amayi, kodi kumeneko kwacha bwanji?

Ndine Enelesi, mwana wanu woyamba, uja munamusiyira nyumba, chitsime ndi mbuzi zosamva zija. Ndang'amba mapepala m'kope la Chisomo kuti ndikulembereni, ndipo akadziwa andikalipira, poti mdzukulu wanuyo ali Fomu 2 tsopano ndipo makope ake sakhudzidwa. Papita zaka zitatu chikuikireni m'manda, koma nkhani ikandikulira ndimapezekabe ndikuyang'ana chitseko cha kuchipinda kwanu, ngati mutuluka n'kundifunsa chomwe ndatupira masaya.

Ndiyambe ndi zabwino, paja inu simunkafuna munthu wofika pakhomo n'kuyamba zoipa asanapatsidwe ndi mpando womwe. Mwayi, mdzukulu wanu wamkulu uja anakwatiwa ku Kuntaja, anachira. Kuli mwana wamwamuna, wakuda bii ngati ine, koma mphuno ndi yanu ndithu. Chimanga chaka chatha sichinachite bwino, dzuwa linachiwamba chikungomasula ngayaye, koma nandolo anatipulumutsa. Chaka chino mvula yabwera yaukali, tapalira kale ndipo tayamba kubandira. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa mapasa, ndipo onse atengera amawo, tsiku ndi tsiku ali m'munda mwa eni. Denga la khitchini likudontha pomwe paja. Amuna anga, bambo a Mwayi, akuti akonza, monga ananenera chaka chatha ndi chaka chinacho. Akadali pansi pa mtengo wa mango pamsika pa Lirangwe, kumata machubu a njinga za akabaza, ndipo msana wayamba kuwavuta.

Zabwino zathera pamenepo. Kuno kwagwa kolera, Amayi. Amuna a Che Asiyatu, aja ankakugulitsani sopo ndi mchere pagolosale pawo, tawaika dzana. Enanso apita, ena ali kuchipatala. Ndipo mwana wa mng'ono wanga Lusiya, Elube, mundikhululukire potchula dzina lanu poti ndi lakenso, ali mutenti ya odwala kolera, diripi ili pamkono. Lero Lolemba ndi tsiku lake lachiwiri.

Chomwe chandilembetsa kalatayi ndi ichi: ine ndikudziwa pomwe matendawa akulowera m'madzi. Ndakhala ndikudziwa chiyambire mvula, ndipo azaumoyo sindinawauze. Lachinayi akubwera kudzafufuza mipopi ndi zitsime. Ndikakawalozera malowo, dzina la mkamwini wanu, malemu a Gavanala, ligwa pansi, amuna anga nawo alowa m'mavuto, ndipo Lusiya adziwa kuti mkulu wake ankadziwa. Koma pali chinanso choposa pamenepo, chokhudza Elube, chomwe sindinauze munthu aliyense. Mundilole ndizungulire kaye, mukundidziwa kuti nkhani sinditha kuilowera kumaso.

Ine Lusiya ndimamuchitira nsanje. Eya, ndanena. Ndinayamba kalekale, ndipo inu Amayi munathirako manyowa. Mukukumbuka tsiku lija tikupita kutchalitchi, mutamuluka tsitsi Lusiya n'kumuveka diresi yoyera ija, amayi a mvano n'kumati kamwana aka n'kokongola ngati ka pakalendala? Ine ndinali pambali, nditanyamula buku lanu la nyimbo. Munanditembenukira n'kuseka, muli, ukaipa dziwa nyimbo, Enelesi. Munkacheza, ndikudziwa. Koma ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo mawu amenewo ndakalamba nawo. Abambo atamwalira, wosiya sukulu ndinali ine, ndili Sitandade 7, kuti ndizikuthandizani kumunda. Lusiya anapita kusekondale yogonera komweko, atanyamula sutikesi yochokera ku nandolo wolima ine.

Kenako anadzakwatiwa ndi a Gavanala, mkulu wa chipani m'boma lonse lino, mwini nyumba ya mpanda ku Chileka. Galimoto yawo ikaima pamsewu, inu munkathamangira kuchipinda kukasintha chitenje. Tambala ankafa tsiku lomwelo. Wothamangitsa tambalayo anali mwamuna wanga, mkamwini amene anakumangirani nkhokwe ndi kukufolererani nyumba zaka zonsezi, ndipo m'mbale mwake munkagwera khosi ndi zipalapasiro. Sanadandaulepo, munthu uja alibe pakamwa. Wodandaula m'malo mwake ndinali ine, chamumtima.

Ndiye za dzina. Nditabereka Mwayi ndinakupemphani kuti atenge dzina lanu. Munati ayi, dzina la munthu wamoyo limalemera pa khanda. Nditabereka Chisomo ndinapemphanso, yankho lomwelo. Koma Lusiya atabereka, patapita zaka zambiri akufunafuna mwana, munakwera minibasi mpaka ku Chileka, n'kumunyamula mwanayo, n'kumutcha nokha Elube. Pamenepo silinalemere, eti? Sindinakufunseni muli moyo, ndikukufunsani lero.

Munapita thanki isanabwere, ndiye ndikufotokozereni. Chaka chomwe tinakuikani, a Gavanala anayenda m'maofesi mutauni mpaka anapeza othandiza. Anakumba mjigo wakuya kumtunda kwa msika, n'kuika pampu yoyendera dzuwa, thanki yaikulu pamwamba pa zitsulo, ndi mapaipi opita kumipopi ya pamsika, kusukulu, kumzikiti ndi kutchalitchi. Ndisawanamizire malemu, ntchito inali yabwino. Amayi a kutsidya analeka kulawirira kumtsinje, atsikana analeka kuchedwa kusukulu. Ine ndemwe ndinatungapo, ndipo madzi ake anali ozizira bwino.

Ngalande za mapaipi anakumba ndi amuna a konkuno, mwaulere, bambo a Mwayi ali patsogolo mpaka manja anachita matuza. Kuseri kwa zimbudzi za pamsika kuli thanthwe, mukukudziwa, ndiye kumeneko paipi inangokwiriridwa pamwambamwamba. Kutatsala sabata kuti atsegulire, lole ya njerwa inaponda pamenepo, paipi n'kung'ambika. Alendo anali ataitanidwa kale, zitenje za nkhope ya a Gavanala zitagawidwa kale. A Gavanala anawaitana amuna anga n'kuwauza kuti, achimwene, inu ndi katswiri wa mphira, tamangani apa ndi malegeni, mwambo ukangotha tigula paipi yatsopano. Amuna anga anacheka chubu chakale cha njinga kukhala malegeni, n'kumanga mwamphamvu monga amamangira katundu pakaliyala, n'kukwirira.

Tsiku lotsegulira, Amayi, mukanaona! Ng'oma, nthungululu, magalimoto mpaka kumsewu waukulu. Pathanki analembapo dzina la a Gavanala, zilembo zake zazitali ngati chitseko, zoti wokwera minibasi ya ku Zalewa aziwerenga osatsika. Lusiya anavala nsalu yonyezimira, ndipo ndiye anatsegula mpopi woyamba, anthu akumujambula. Ine ndinali kuseri kwa sukulu kutsuka mbale za alendo. Wolankhula aliyense ankati Lirangwe anali asanamwepo madzi abwino chilengedwere. Palibe anatchula chitsime chanu, chomwe munakumba ndi abambo ndi manja anu, chomwe chinamwetsa Akhristu ndi Asilamu zaka zonse zija popanda kubweza munthu. Paja inu munkati madzi alibe mwini. Tsiku limenelo anapeza mwini, ndipo chitsime chanu anthu anayamba kuchitcha dzenje la achule.

A Gavanala sanathe chaka. Shuga anawatenga, ndipo paipi yatsopano ija sinagulidwe. Pamaliro pawo munthu aliyense woimirira ankati bambo ameneyu anatipatsa madzi. Ana a sukulu anapeka nyimbo yowatamanda. Lusiya anamusankha kukhala wapampando wa komiti ya madzi, ngakhale amakhala ku Chileka, ndipo dzina lake linasanduka Mayi Gavanala. Wamasiye, koma akafika pamalo amamuikira mpando, ine wa mwamuna wamoyo ndili pamkeka. Ndinachita nsanje ngakhale ndi umasiye wakewo, Mulungu andikhululukire.

Mvula yoyamba ya chaka chino itagwa, zimbudzi za pamsika zinasefukira. Ndikupita kudimba ndinadutsa kuseri kuja, ndipo ndinapeza madzi atakokolola dothi, paipi ili poyera, malegeni aja ataola n'kumasuka, itagona m'zoipa zosefukirazo. Ndinawauza bambo a Mwayi. Anandifotokozera kuti kukachita mitambo pampu imaima, paipi imakhala yopanda kanthu, ndiye imayamwa zakunja, dzuwa likawala n'kuzikankhira kumipopi. Anapita kukamanganso ndi malegeni ena, koma mng'alu unali utakula, mphira sinagwire. Anachita mantha kukanena poti dzanja lomanga linali lawo. Tinangokapa chitsime chanu, n'kupempha kolorini kwa alangizi a zaumoyo, n'kubwerera kumadzi anu mwakachetechete. Chisomo ndinamuuza kuti ndikadzamuona pampopi ndidzamuthyola miyendo.

Ndisaname kuti sindinalankhuleko. Ndinalankhula, koma tamvani mmene ndinalankhulira. Kunali chinkhoswe cha mwana wamkazi wa Che Asiyatu, bambo ake akadali moyo. Lusiya anafika mochedwa, amayi onse n'kuimirira, wina n'kuyambitsa nyimbo ya thanki ija. Ine mtima unatentha. Ndili pamkeka pomwepo ndinakweza mawu, ndili, imbani bwino, koma madzi a amuna akewo akununkha chimbudzi. Sindinamutengere pambali ngati mng'ono wanga, sindinatchule za paipi, sindinati tiye ukaone. Ndinangoponya mwala pagulu kuti umupweteke. Lusiya anandiyang'ana n'kumwetulira, kumwetulira kwake kuja.

"Achemwali, nsanje idzakuphani," anatero.

Amayi onse anaseka, ena mpaka kuombana m'manja, poti Lirangwe yense amadziwa za ine ndi Lusiya. Ndinanyamuka ndisanadye. Panjira ndinalumbira kuti chabwino, pakamwa panga ndatseka, adzaziona okha. Ndipo ndikuuzeni zoona zake, poti kumeneko bodza silifika: ndinkafuna kuti adzazione. Ndinkaganiza kuti anthu adzangotsegula m'mimba masiku awiri, adzatukwane thanki, dzina lija lidzachite manyazi, abwerere kuchitsime chanu ndi ndowa zawo mitu ili zyoli. Za maliro sindinaziganize. Kapena ndinaziganiza n'kuzikankhira kumbali, kaya.

Sukulu zitatsekera, Lusiya anabwera ndi Elube kuti akhale kuno masabata awiri, poti iye ankathamangathamanga ndi zomanga chiliza cha amuna ake. Lusiya sasunga chakukhosi, n'chinanso chimandipsetsa mtima. Anangofika ngati sipanachitike kanthu, ali, achemwali ndisungireniko mwanayu. Elube munamusiya ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Amayi, pano ali ndi zisanu ndi zinayi. Watalika, kayendedwe ndi kanu, kulankhula ngati wailesi. Ine amanditcha anti, zoti amayi aakulu sazidziwa, ana a ku Chileka. Anabwera ndi kabotolo kake kapinki kokoloweka m'khosi.

M'mawa mwake ndinamutungira madzi mumtsuko. Anasuzumira m'kapu, n'kukwinya kamphuno.

"Anti, amami anati a pachitsime ndi madzi a achule. Ine ndimamwa madzi a adadi."

Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, Amayi. Mwana woti bambo ake anamwalira, ndipo chomwe anamusiyira choti angachione ndi kuchikhudza ndi dzina pathanki ndi madzi otuluka pampopi. Lero ndikuziona bwinobwino zimenezo. Koma tsiku limenelo sindinamve mwana. Ndinamva Lusiya, ndinamva amayi a pachinkhoswe akuseka. Ndinalanda kapu ija n'kukhuthulira madzi pansi.

"Pitani mukamwe a adadi anuwo," ndinatero.

Anapita. Ndinamuona akutuluka pabwalo, kabotolo kakugunda pachifuwa, kulunjika kumpopi wa pamsika. Miyendo ndinali nayo, mawu ndinali nawo. Ndinati tsiku limodzi silipha munthu, mawa ndimuletsa. Mawa lake ndinati akandinenera kwa amake, ziyambirenso zoti nsanje. Masiku asanu ankapita kukatunga, ine ndikuona, mwana wanga Chisomo akumwa za mumtsuko. Inu munkati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Uyu sanali wa mnzanga, anali wa mng'ono wanga wa bere limodzi.

Chopweteka n'chakuti iye sanandikwiyire n'komwe. Akabwerako kumpopi ankanditsatira kudimba, nsapato zake zoyera zili matope okhaokha, n'kumandifunsa za inu: ngati munkakalipa, ngati munkadziwa kuvina, ngati n'zoona kuti munaphapo njoka ndi mthiko. Anazula tomato wanga wambiri poganiza kuti ndi udzu. Tsiku lina anandipatsa kabotolo kaja kuti ndimweko, akuti anti mwatopa. Ndinati sindikumva ludzu. Tsiku lachisanu ndi lomwe tinamva kuti amuna a Che Asiyatu athamangira nawo kuchipatala. Kabotolo ndinamulanda nthawi yomweyo, koma paja madzi akatayika saoleka.

Dzulo kum'mawa anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, zotuluka zake ngati madzi otsukira mpunga. Pofika nthawi ya tiyi maso anali atalowa. Ndinamubereka kumsana n'kukwera naye kabaza. Lusiya anafika masana kuchokera ku Chileka, wopanda wigi, atavala mapatapata osiyana. Sindinamuonepo chonchi chibadwire. Anagwada pakhomo pa tenti, poti mkati salola anthu ambiri, n'kumangoti Ambuye, ndi yekhayu, ndi yekhayu. Ine ndinaima kumbuyo kwake nditagwira beseni.

Ndilekeze kaye apa. Phala lapsa, ndikapereke kuchipatala. Mumupempherere mnzanu wadzinayo, inu muli pafupi ndi Mwini wake.

Amayi, ndabweranso. Kalatayi yakhala pansi pa mkeka masiku asanu. Ndikhulupirira kuti nkhaniyi mwaidziwa kale, poti mlendo wakupezani. Elube anatisiya Lachitatu, dzuwa lili paliwombo.

Maliro a kolera si maliro, Amayi. Sanatilole kumusambitsa. Anabwera anthu ovala magolovesi ndi majombo, anamupopera mankhwala, n'kumukulunga m'pulasitiki. Lusiya anapempha kuti angomuveka diresi yake ya Khirisimasi, anamukaniza. Panalibe kugona pasiwa, panalibe kuphika, panalibe kugwirana chanza. Tinamuika tsiku lomwelo, anthu ochepa, kwaya itaima patali. Achibale a bambo ake ankafuna akagone ku Chileka, koma azaumoyo anati mtembo usayende mtunda, ndiye amalume anati agone kumanda a kwathu. Okumba anakumba kudzanja lanu lamanja, pamalo paja panatsala pakati pa inu ndi mtengo wa masuku.

Ndikuuzeni chinthu chochititsa manyazi? Malo amenewo ndinkati ndi anga. Chaka chilichonse polambula pamanda panu ndinkalambulanso pamenepo, ndikumati apa pokha Lusiya sadzandilanda, iye adzagona ku Chileka kwa amuna ake, pafupi ndi amayi padzagona ine. Bokosi likutsika, ine ndikulira ndithu misozi yeniyeni, kamawu kena mumtima kali, taona, ngakhale apa atenga ndi iwo. Ndinadziluma lilime mpaka magazi. Kodi ndine munthu wamtundu wanji, Amayi? Munandibereka ndinu, tandiuzani.

Lachinayi azaumoyo anabwera. Sindinadikire kuti afunse. Ndinawatsogolera kuseri kwa zimbudzi, anthu a pamsika akutitsatira. Bambo a Mwayi anasiya njinga ya kasitomala ili chagada n'kubwera okha, ndisanawaitane. Anavula chipewa, n'kunena pamaso pa onse kuti womanga malegeniwo ndi iwo, wowatuma ndi malemu, ndipo paipi yatsopano inalonjezedwa koma sinabwere. Taonani, munthu yemwe ndimati alibe pakamwa uja. Azaumoyo anatunga madzi m'timabotolo kuti akayeze, koma mkulu wawo atangoona paipiyo analamula kuti mipopi yonse itsekedwe nthawi yomweyo. Chitsime chanu anachiona, n'kuthiramo mankhwala, n'kunena kuti anthu azitunga kaye pamenepo mpaka paipi ikonzedwe.

Ndiye zonse ndinkafuna zija ndazipeza. Pofika madzulo anthu anali atamata matope padzina la pathanki. Amene ankaimba nyimbo ija ndi omwe akuti a Gavanala anatipha chifukwa chofuna kutchuka. Za chiliza palibe akuzitchula. Pabwalo panu ndowa ndi zigubu zandanda mpaka kumsewu, ndipo ndamva ndi makutu anga amayi ena akukutamani, akuti koma malemu anaMbewe anali munthu. Ndinkaganiza kuti tsiku limeneli ndidzavina. Ndikungokhala pakhonde kuwayang'ana, m'kamwa muli ngati ndatafuna phulusa. Ndikakweza maso kuona thanki ija ndimati alamu anga aja, ndi kunyada kwawo konse, ankafuna kuti anthu amwe. Analakwa pofulumira ndi pobisa. Ine sindinakumbe ngalande kapena kuika pampu, ndinangobisa basi.

Dzulo kunabwera mwana wa Che Asiyatu, uja wa chinkhoswe, kudzatunga, poti amayi ake ali m'nyumba pa mwambo wa umasiye, satuluka. Atadzaza ndowa anandifunsa, mawu ake ali pansipansi, kuti mayi, paipi ija munaiona liti? Ndinati mvula yoyamba. Ndinawerama kuti ndimusenzetse monga timachitira pachitsime, iye anasuntha ndowa ija ndi phazi. Anagwada, n'kuisenza yekha, madzi akumutayikira kumsana, n'kumapita.

Lusiya ali konkuno. Sanabwerere ku Chileka, akuti nyumba ija yamukulira. Akugona kuchipinda kwanu, pamphasa yanu, ndipo sadya pokhapokha ndimudyetse ine ndi supuni ngati khanda. Za paipi anamva, zoti ndinaiona chiyambire mvula anamvanso. Ndinkadikira kuti anditukwane, andimenye, ndipo zikanandipepukira. Koma m'mawa uno ndikumupukuta kumaso anandigwira dzanja.

"Achemwali, munandiuza pachinkhoswe paja, ine n'kukunyozani pagulu. Mwana wanga ndamupha ndekha. Mundikhululukire."

Anapitiriza kuti zikomo pomubereka Elube mpaka kuchipatala, kuti tsopano amayi ake ndine, alibenso wina. Iye akuganiza kuti mwanayo ankazemba popita kumpopi, ine osadziwa. Ndinangomufunditsa nsalu n'kutuluka, ndi mmene ndatengera kalatayi kuti ndiimalize.

Taonani mmene zakhalira, Amayi. Moyo wanga wonse ndinkafuna Lusiya adzatsike, adzati achemwali munanena zoona. Lero wanena. Ndikangokhala chete, mng'ono wanga ndimusunga, azindikonda mpaka kufa, koma azisenza yekha katundu woti tinayenera kusenza awiri, pomwe mbali yolemera ndi yanga. Ndikalankhula, mwina sadzapondanso pabwalo pano. Palibe angandiulule. Tsiku lija Chisomo anali kuchigayo, bambo ake kumsika. Odziwa mawu aja ndi ine ndi mwana amene wagona pambali panuyo.

Elube sasunga nkhani, akuuzani, ngati sanakuuzeni kale. Akati anti anakhuthula madzi n'kundiuza kuti ndikamwe a adadi, musamukalipire kuti akunama. Ndi zoona, ndinatero, mutu wanga uli bwinobwino, dzuwa likuwala. Mumusambitse inuyo, poti ife anatikaniza.

Mawa ndi Lamulungu. Ndikulonjezani, Amayi, kutchalitchi sindiponda ndisanamuuze Lusiya. Kukacha ndikalowa kuchipinda kwanu, ndikakhala pansi, ndikamuuza mawu aja monga ndinawanenera, ndi masiku asanu aja, osachotsapo kapena kuthira shuga. Chomwe akachite ndikachilandira. Akati akubwerera ku Chileka, ndikamunyamulira chikwama mpaka pasiteji, ngati angandilole.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale munkakonda iye kuposa ine.

Ine mwana wanu,
Enelesi